Kutentha kwa ESP32 m'bokosi la pampu ya sola ku Mangochi: momwe ntchito ikuyendera

Zolemba izi ndi za kabokosi koyendetsa pampu ya sola pa dimba lina m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa Boma la Mangochi ndi nyanja ya Malombe. Ntchito ya bokosili ndi yochepa: kuyeza madzi m'thanki ya malita 5,000, kuzimitsa pampu thanki ikadzaza, ndi kutumiza SMS kwa osamalira dimba madzi akatsika kwambiri. Mkati muli bodi ya ESP32 (microcontroller, kakompyuta kakang'ono koyendetsa zonse) yokhala ndi module ya WROOM-32, SIM800L yotumizira uthenga, relay ya 5 V (switch yoyatsira ndi kuzimitsira pampu), ndi sensa ya JSN-SR04T yoyezera kutalika kwa madzi. Magetsi amachokera ku batire la 12 V, 7 Ah, lotchajidwa ndi sola kudzera pa charge controller. Bokosilo ndi lapulasitiki, lotuwa modera, lotseka ndithu kuti madzi asalowe, ndipo linamangiriridwa pa mzati wa thanki poyera.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Dandaulo lochokera ku dimba ndi lakuti bokosi limagwira bwino m'mawa, koma kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko masana limangozima n'kuyakanso, ndipo bodi ukaigwira imawotcha. Ganizo loyamba la aliyense linali lakuti ESP32 yalephera kupirira dzuwa la kuno. Tagwirizana kuti tisasinthe kanthu tisanayeze.

Chala chimanamiza. Chitsulo cha madigiri 50 chimamveka chotentha kale, ndipo chikafika pa 60 sungachigwire kupitirira masekondi ochepa. Koma kwa microcontroller madigiri 60 si poopsa. Datasheet (chikalata chofotokoza chipangizo) ya Espressif, kampani yopanga ESP32, imalola module ya WROOM-32 kugwira ntchito mu mpweya wa madigiri -40 mpaka 85. Chip cha ESP32 pachokha, chija chopanda flash mkati, chimaloledwa mpaka 125, koma pansi pa kachivundikiro kachitsulo ka module pali flash ndi crystal, choncho malire amene tikugwiritsa ntchito ndi 85. ATmega328P ya pa Arduino Uno nayonso ndi -40 mpaka 85. Pa STM32F103C8T6 nambala yomaliza ndi imene imanena: 6 ndi mpaka 85, pomwe 7 ndi mpaka 105. Raspberry Pi Pico imayambira pa -20 kufika 85. Zipangizo za gulu la commercial zimalekera pa 70, ndipo zimenezo sitikuzifuna m'bokosi lapanja ku Mangochi.

Pali manambala awiri amene anthu amawasokoneza. Ina ndi kutentha kwa mpweya wozungulira chipangizo, ina ndi kutentha kwa mkati mwa silicon mwenimweni. Kuti upeze yachiwiriyo, umatenga mphamvu imene chipangizo chikutaya, mu W, n'kuichulukitsa ndi nambala ya mu datasheet yonena kuti W imodzi imakweza madigiri angati, kenako n'kuwonjezera kutentha kwa mpweya. Mpweya wake ndi wa m'bokosi, osati umene anena pa wailesi. Pamenepa ndi pamene ambiri amaphonya: akamva kuti ku Mangochi lero kwafika madigiri 37, amati pakadali danga la madigiri 48 asanafike 85, pomwe m'bokosi muli nkhani ina.

Taika ma DS18B20 (sensa zoyezera kutentha) atatu pa waya mmodzi, ndi resistor ya 4.7k kupita ku 3.3 V. Yoyamba ili kunja pamthunzi, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Yachiwiri ikulendewera pakati pa bokosi osakhudza chilichonse. Yachitatu tamata pa kachivundikiro ka module ndi tepi ya Kapton. Pa regulator ya AMS1117 ya pa bodi, imene imatsitsa voltage kufika 3.3 V, taika thermocouple ya mtundu wa K yolumikiza ku multimeter, chifukwa DS18B20 imalekera pa madigiri 125 ndipo ndi yaikulu kuposa kachitsulo ka regulator.

Thermometer yolozera patali ya infrared inatipatsa madigiri 41 pa module pomwe DS18B20 imati 70. Chitsulo chonyezimira chimaisokoneza. Mukamata kachidutswa ka tepi yakuda pachitsulopo, n'kudikira mphindi ziwiri, n'kulozera pa tepiyo, manambala awiriwo amayandikana.

Sabata yomweyo, Lachisanu

Manambala atatu abodza atichedwetsa tsiku lonse, ndipo ndi bwino alembedwe kuti wina asadzavutike nawo.

Pa zolemba za pulogalamu pankaoneka 85.0 yeniyeni nthawi iliyonse bodi ikangoyakanso, ndipo popeza 85 ndiye malire a module, zinkaoneka ngati umboni wapezeka. Ayi. DS18B20 ikangolandira magetsi imakhala ndi 85 mkati mwake isanayeze n'komwe. Pa 12-bit imafuna mpaka 750 ms kuti imalize kuyeza, ndipo pulogalamu ikawerenga nthawiyo isanakwane imatola 85 yoyambirayo. Tsopano pulogalamu imalamula kuyeza, imadikira sekondi yathunthu, ndipo nambala yoyamba bodi ikangoyaka imatayidwa.

Nambala ina ndi -127. Imeneyo imatuluka mu library ya DallasTemperature sensa ikapanda kuyankha. Kwa ife anali waya wosagwira bwino pa terminal. Yachitatu ndi 53.33, imene sensa ya mkati mwa ESP32 yakaleyi imabweza kawirikawiri mosasintha, kaya ndi usiku kaya masana. Sensa imeneyo taisiya. Pa ESP32-S3 ndi ESP32-C3 sensa ya mkati imagwira ntchito movomerezeka, komabe imayeza silicon, osati mpweya wa m'bokosi.

Titachotsa zabodzazo, tsiku lonse linatipatsa izi. Pa 7 koloko m'mawa: kunja 26, m'bokosi 31, module 44, regulator 118. Pa 1 koloko masana: kunja 37, m'bokosi 63, module 78, regulator 145 ndipo pomwepo bodi inazima.

Sabata yachiwiri

Wolakwa wapezeka, ndipo si microcontroller. Batire linalumikizidwa molunjika ku pini ya VIN ya bodi (yolowera magetsi), chifukwa ogulitsa ena amalemba kuti VIN imalandira mpaka 12 V. AMS1117 ndi regulator ya mtundu wa linear: voltage yonse yotsala pamwamba pa 3.3 V imaisandutsa kutentha. Bodi yathu WiFi ili yoyaka kuti osamalira dimba aziona madzi pa foni imakoka 120 mA. Masana batire likutchajidwa limafika 14.4 V. Kuchotsa 3.3 patsala 11.1 V, kuchulukitsa ndi 0.12 A tikupeza 1.33 W, m'kachipangizo kakang'ono ngati njere ya chimanga. Phukusi la SOT-223 pa bodi yopanda mkuwa wambiri limakwera madigiri pafupifupi 90 pa W imodzi. Ndiye kuti madigiri 120 pamwamba pa 63 a m'bokosi. AMS1117 imayenera kukhala pansi pa 125 mkati mwake, ndipo ikafika cha pa 165 imadzizimitsa yokha. Ikazima imazizira pang'ono, imayakanso, ESP32 imayambiranso, WiFi imayaka, regulator imatenthanso. Kuzima ndi kuyaka kwa masana kuja n'kumeneku.

Dzuwa limaimenya regulator kawiri pa nthawi imodzi: limatenthetsa bokosi, komanso limakweza voltage ya batire kudzera pa sola. N'chifukwa chake vutoli linkaoneka ngati la dzuwa lokha. Koma ngakhale m'mawa, batire lili pa 12.8 V, regulator inali ikutaya 1.14 W ndipo mkati mwake munali pafupifupi 135, kupitirira malire. Inkagwira ntchito, koma ikudzidya. Chinanso, 14.4 V ili pafupi kwambiri ndi 15 V imene AMS1117 siyenera kudutsa.

Madigiri 78 a pa module nawonso ambiri anali obwereka. ESP32 pa 3.3 V ndi 120 mA imangotaya 0.4 W. Kutentha kwina kunkayenda mu mkuwa wa bodi kuchokera ku regulator, imene ili masentimita awiri okha kuchokera pa module.

Taika buck converter ya MP1584 (chipangizo chotsitsa voltage osataya mphamvu yambiri ngati kutentha) pakati pa batire ndi bodi, yotsitsa kufika 5.0 V. Ndondomeko yake njofunika: lumikizani converter ku batire yokha, popanda bodi, tembenuzani ka potentiometer mpaka multimeter ionetse 5.0 V, ikani katundu woyesera, monga resistor ya 22 ohm ya 2 W, muone ngati voltage siikugwa, dontheza penti ya zikhadabo pa ka potentiometer kuti kasasunthe, pamapeto ndi pamene mulumikize ku VIN. Tsopano AMS1117 ikutsitsa 1.7 V yokha, kutaya 0.2 W, ndipo kachitsulo kake kali madigiri 15 pamwamba pa mpweya wa m'bokosi. WiFi ikamatumiza, ESP32 imatha kukoka 240 mA kwa kanthawi kochepa, ndipo ngakhale pamenepo regulator ikutaya 0.4 W basi.

Regulator ina, ya 7805, imene inkadyetsa relay ndi sensa taichotsanso, zonse zikudya pa 5 V yomweyo. Phindu lina ndi la batire: bodi imene inkakoka 120 mA kuchokera ku batire tsopano ikukoka pafupifupi 50 mA.

Kuyambira pamenepo bodi siinazimenso masana. Kuti tizidziwa chifukwa ikadzazima, pulogalamu tsopano imawerenga esp_reset_reason() ikangoyamba, n'kusunga chifukwacho pamodzi ndi nthawi ndi kutentha kwa m'bokosi. Izi zikuthandiza kusiyanitsa vuto la kutentha ndi la SIM800L, imene imakoka mpaka 2 A modzidzimutsa ikamalankhula ndi netiweki, n'kugwetsa voltage. Zonse ziwiri zingaoneke ngati brownout (voltage kugwa mpaka bodi n'kuyambiranso), koma la SIM800L limachitika pa nthawi yotumiza SMS ngakhale pakati pa usiku. Module imeneyo imafuna 3.4 mpaka 4.4 V, choncho ili pa buck converter ya LM2596 yakeyake yoikidwa pa 4.0 V, ndi capacitor ya 1000 µF pafupi ndi mapini ake, mawaya aafupi ndi okhuthala.

Sabata yachitatu

Bodi yosungira yafa pa tebulo loyesera. Waya wa 5 V wochokera ku buck converter unalowa pa pini ya 3V3 m'malo mwa VIN, ndipo ESP32 siilola kupitirira 3.6 V. Tikulemba zizindikiro zake chifukwa zikuonetsa bwino kusiyana kwa chip chofunda ndi chip chovulala.

Chip chabwino chimafunda pang'onopang'ono, kwa mphindi zingapo, n'kukhazikika, ndipo kufundako kumatsata ntchito: ukazimitsa WiFi chimazizira. Chovulalachi chimawotcha pasanathe masekondi 10, ngakhale mutagwira batani la EN kuti chisayendetse pulogalamu iliyonse. Pa USB chikukoka kupitirira 400 mA chili chete. Magetsi atazimitsidwa, multimeter pakati pa 3V3 ndi GND ikuonetsa ma ohm osakwana 5. Kuika heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) pa chip chotero n'kutaya nthawi. Mkati mwaphana kale. Komanso chimalemetsa regulator yatsopano iliyonse imene mungawotcherere pa bodiyo.

Ndiye poyesa bodi yatsopano tikutsata izi: yezani ma ohm pakati pa 3V3 ndi GND musanaike magetsi, ikani multimeter pa mzere wa magetsi kuti muone karenti, yatsani popanda chilichonse cholumikizidwa ku mapini, kenako lumikizani zinthu chimodzichimodzi mukuyang'ana nambala. ESP32 WiFi ili yozima imakoka pakati pa 30 ndi 68 mA pa 240 MHz, ndi pakati pa 20 ndi 31 mA pa 80 MHz, kuwonjezerapo pang'ono za LED ndi chip cha USB. Nambala ikalumpha pamene mwalumikiza chinthu china, vuto lili pa chinthucho.

Taunikanso mapini a bodi ya ku dimba, chifukwa pini yolemedwa imatenthetsa chip kuchokera mkati. Pini ya Echo ya JSN-SR04T imatulutsa 5 V sensa ikamadya 5 V, choncho imadutsa pa ma resistor awiri, 1k ndi 2k, kuti ifike pa ESP32 ili 3.3 V. Koyilo ya relay imafuna pafupifupi 70 mA, zimene pini siingapereke. Ikuyendetsedwa ndi transistor ya BC337, resistor ya 1k pa base, ndi diode ya 1N4007 yopingasa pa koyilo kuti voltage yobwerera relay ikamazima isalowe mu transistor. Pa ntchito ino palibe pini imene tikuilola kupitirira 10 mA. Anzathu ogwiritsa ntchito Arduino Uno akumbukire kuti 40 mA ya pa pini ndi malire owonongekerapo, osati ogwirirapo ntchito, ndipo mapini onse pamodzi asadutse 200 mA. Mapini awiri onse oikidwa ngati output, wina HIGH wina LOW, akakhudzana, chip chimatentha mwakachetechete pulogalamu ikuyendabe bwinobwino.

Kumapeto kwa Okutobala

Vuto la regulator latha, koma madigiri 60 m'bokosi akadalipo, ndipo masiku otentha kwambiri a Novembala mvula isanagwe sanafike. Tayesa zinthu zitatu, chimodzi pa masiku awiri, tikufananiza ndi sensa ya kunja. Masiku onsewa kunja kunkafika pakati pa 36 ndi 38.

Bokosi lotuwa monga linalili, regulator itakonzedwa: 59. Titapaka penti yoyera mbali zonse, kawiri: 50. Titaika denga la lata: 44. Titaboola mabowo a mpweya: 41.

Penti yokha yachotsa madigiri 9, pa mtengo wa kachitini kamodzi. Denga lili ndi luso lake. Lata likagona pa bokosi limasanduka chiwaya. Lathu lili masentimita 10 pamwamba, pa timiyendo tachitsulo, kuti mphepo izidutsa pakati, ndipo latuluka masentimita 20 mbali zonse. Pamwamba pake tapakanso penti yoyera. Mangochi ali pafupifupi madigiri 14.5 kumwera kwa equator, ndiye dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndi koyambirira kwa Novembala, n'kubwerezanso mu Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizo limapendekera kumwera, miyezi ina yonse kumpoto. Choncho denga lotchinga mbali imodzi yokha silingakwanire chaka chonse. Tsiku loyamba denga lili pamwamba, nambala yaikulu inangosamuka kuchoka pa 1 koloko kupita pa 3:30, dzuwa litatsika n'kumalowa chakumadzulo pansi pa lata. Taonjezera chidutswa cholendewera kumadzulo, chosakhudza bokosi, ndipo 44 ija ndi ya denga lokhala ndi chidutswacho.

Mabowo tinakangana nawo, ndipo mkanganowo ndi womveka. Akungochotsa madigiri 3, koma akuchotsanso chitetezo cha IP65, chotchinga fumbi ndi madzi. Kufupi ndi nyanja kuno mpweya umakhala wonyowa, kuli nyerere, mavu omanga ndi dothi, anamalimata, ndi tizilombo tochuluka tobwera ndi kuwala usiku. Tinaboolabe, chifukwa bokosi lotseka nalonso silikhala louma: masana mpweya wa mkati umafufuma n'kutuluka m'mbali mwa mawaya, usiku ukazizira limakoka mpweya wonyowa, ndipo m'mawa umapeza timadontho pansi pa chivundikiro. Mabowo ndi anayi a mamilimita 12: awiri pansi penipeni, awiri m'mbali chapamwamba okhala ndi kachigongono ka paipi ya PVC koyang'ana pansi kuti mvula isalowe. Onse tatseka ndi sefa yachitsulo yosachita dzimbiri, yomata ndi silicone. Neti ya udzudzu ya pulasitiki siikhalitsa padzuwa. Mabodi onse tawapaka conformal coating (utoto woteteza ku chinyontho), kusiya poyera ma terminal, kagawo ka SIM ndi mabatani.

Fani taikana. Ikanakoka fumbi la m'dimba, kudya batire, ndipo tsiku limene ingaime palibe angadziwe. Pa mphamvu yosakwana 1 W imene bokosi likutaya tsopano, fani ilibe choti ichotse. Kutentha kunkachokera kudzuwa. Heatsink pa module nayonso siikufunika: module ili madigiri 12 pamwamba pa mpweya, ndiye 53 pa nthawi yoipitsitsa. Ndipo chitsulo chilichonse chofika pafupi ndi antenna ya pa module chimafoola WiFi.

Sabata yoyamba ya Novembala

Tikasanja zipangizo zonse za m'bokosi malinga ndi kupirira kwake, microcontroller ili m'gulu la zolimba. Zofooka ndi batire ndi ma capacitor.

Batire la lead-acid lotseka limawerengeredwa moyo wake pa madigiri 25, ndipo moyowo umatsika ndi theka pa madigiri 8 mpaka 10 aliwonse owonjezera. Lathu lakhala m'bokosi la madigiri 60 masana aliwonse, ndipo m'mbali mwake mwayamba kutupa pang'ono. Lasinthidwa. Latsopano silili m'bokosi la bodi; lili pansi, m'kachipinda ka njerwa kokhala ndi mabowo, pansi pa mthunzi wa thanki, pomwe sensa ikuonetsa madigiri 33 masana. Kulisiyanitsa n'koyeneranso chifukwa batire lotere limatha kutulutsa hydrogen likamatchajidwa mopitirira, ndipo relay imathetheka. Batire lotentha limafunanso voltage yotchajira yotsika, pafupifupi 3 mV pa selo iliyonse pa digiri iliyonse yoposa 25. Pa maselo 6 ndi madigiri 45, ndiye kutsitsa ndi pafupifupi 0.36 V. Charge controller imene ili ndi sensa yake ya kutentha iyenera kukhala pafupi ndi batire, kuti iziyeza mpweya womwewo. Yathu taisamutsira m'kachipindamo. Pa waya wochoka ku batire pali fyuzi ya 3 A, pafupi ndi terminal.

Ena anafunsa ngati sitingagwiritse ntchito maselo a lithium-ion a 18650 kuti zonse zikwane m'bokosi limodzi. Maselo a lithium-ion ambiri saloledwa kutchajidwa kupitirira madigiri 45, ndipo nthawi yotchaja ndi sola ndi nthawi yomweyo bokosi latentha kwambiri. Pa 41 tili pafupi kwambiri ndi malirewo. Sitinalole.

Capacitor ya 1000 µF ya pa SIM800L inali ya madigiri 85. Nambala imeneyo siitanthauza kuti pansi pa 85 palibe chimene chikuchitika. Capacitor ya electrolytic yolembedwa maola 2,000 pa 85 imawirikiza moyo wake pa madigiri 10 aliwonse otsika: maola 8,000 pa 65, osakwana chaka chimodzi ikanakhala pa kutenthako usana ndi usiku, ndi maola 32,000 pa 45. Ya madigiri 105 ya maola 2,000 omwewo imafika maola 128,000 pa 45. Ikamauma, voltage ya SIM800L imagwa kwambiri potumiza, ndipo patapita miyezi wina adzati netiweki yavuta kapena chip chatentha. Taika ya 105, ya low ESR, ndipo taisuntha kutali ndi inductor ya LM2596.

Kutentha kwakhudzanso muyeso wa madzi. Osamalira dimba anaona kuti masana pampu ikuzima thanki isanafike pamene imafikira m'mawa. Sensa imawerengera mtunda ndi liwiro la phokoso mu mpweya, ndipo pulogalamu inali ndi 343 m/s, liwiro la pa madigiri 20. Mpweya wa pamwamba pa madzi m'thanki masana unafika 45, pomwe liwiro ndi pafupifupi 359 m/s. Phokoso likubwerera msanga, sensa ikuganiza kuti madzi ayandikira. Kusiyana ndi kupitirira pang'ono 4 peresenti: pa mtunda wa mita imodzi ndi theka ndi masentimita pafupifupi 6.5, ndipo pa thanki yathu sentimita imodzi ndi malita pafupifupi 25. Taika DS18B20 yachinayi, yokutidwa ndi chitsulo, pansi pa chivundikiro cha thanki, ndipo pulogalamu tsopano imawerengera liwiro ngati 331.3 kuwonjezera 0.606 kuchulukitsa ndi madigiri. Kuzima msanga pafupi ndi kudzaza kunali ndi chifukwa chinanso: sensayi siiona bwino chinthu choyandikira kuposa masentimita 20 kapena 25, choncho taikweza pa kachipaipi kuti madzi odzaza akhale masentimita 30 pansi pake.

Sabata yachiwiri ya Novembala

Zosintha mu pulogalamu zalowa. CPU tsopano ikuyenda pa 80 MHz kudzera pa setCpuFrequencyMhz(80). Kuyeza madzi kamodzi pa masekondi 30 sikufuna 240 MHz, ndipo WiFi imagwirabe pa 80. WiFi yokhayo siikhalanso yoyaka tsiku lonse: pansi pa bokosi pali batani, ndipo munthu akalidina WiFi imayaka kwa mphindi 10. Bodi tsopano ikukoka pafupifupi 35 mA nthawi zambiri, ndipo module ili madigiri 4 kapena 5 okha pamwamba pa mpweya wa m'bokosi.

Taikanso masitepe a chitetezo owerengera sensa ya pakati pa bokosi. Pa 60, WiFi imakana kuyaka ndipo SMS imodzi imapita yonena kuti denga kapena mabowo aonedwe. Pa 70, relay imazimitsa pampu, SMS ina imapita, ndipo SIM800L imazimitsidwa. Pa 80 bodi imagona mu deep sleep, n'kumadzuka pa mphindi 10 zilizonse kuti iyeze. Sitepe iliyonse imachoka kutentha kukatsika ndi madigiri 5, apo ayi relay ikanamagunda mobwerezabwereza nambala ikamasewera pamalire. Nambala ya -127, kapena 85.0 yodzidzimukira pakati pa ma 40, siiyambitsa chilichonse; pulogalamu imafuna miyeso itatu yotsatizana yogwirizana. Pa base ya transistor taika resistor ya 10k kupita ku GND kuti bodi ikagona kapena ikamayambiranso relay ikhale yozima, pampu isadzaze thanki mopanda woyang'anira.

Masitepewa tawayesa pa tebulo ndi chowumitsira tsitsi, bodi ili m'katoni, tikukweza kutentha pang'onopang'ono mpaka 82. Onse anagwira. Chenjezo kwa woyesa motere: chotsani batire m'katonimo, ndipo musalozetse mpweya wotentha pa sensa mwachindunji, chifukwa sensa imafika 80 bodi ikadali pa 50 ndipo simuphunzirapo kanthu.

Lachinayi kunja kunafika 39, tsiku lotentha kwambiri chiyambire kuyeza. M'bokosi munafika 43, module 48, regulator 49. Masiku 26 adutsa ndipo bodi siinazimepo yokha.

Zotsala ndi za mvula. Sensa ya chinyontho ya SHT31 yafika ndipo ilowa m'bokosi sabata ya mawa, kuti tione ngati mabowo akuumitsa mkati kapena akunyowetsa. Sefa ya pa mabowo iziyang'anidwa milungu iwiri iliyonse, chifukwa mavu ayamba kale kumata dothi pa bowo limodzi la m'mbali. Tapempha abambo amene amasamalira pampu kuti akamatsuka sola azipukutanso denga ndi bokosi, poti fumbi lofiira likaphimba penti yoyera madigiri aja amabwerera. Sensa zinayi zikhalabe pamalo pake mpaka Febuluwale, dzuwa litadutsanso pamutu.